Pempho Lakuti Musatukule Dziko Lachisanu

Kwa Olemekezeka a Nduna Yoona za Kusintha Zinthu ndi Luso Lamakono,

Bwana,

Pepani kuti kalatayi ndaiika pa bulogu yanga m'malo moipereka kwa mlembi wanu. Njira yoyenera ndinaiyesa. Ndinalemba kawiri, ndinapatsidwa nambala kawiri, ndipo kawiri konse ndinauzidwa kuti nkhani yanga ili m'manja abwino. Manjawo sindikuwakayikira, koma masiku atsala asanu ndi anayi. Musade nkhawa kuti ndikukuchititsani manyazi pagulu. Bulogu iyi imawerengedwa ndi anthu khumi ndi mmodzi, ndipo mmodzi mwa iwo ndi akazi anga, amene amangofufuza ngati ndawatchula.

Ine ndine mmodzi wa anthu atatu amene timasamala pulogalamu ya pakompyuta yolembera ana obadwa kumene ndi kutulutsa zikalata zawo zakubadwa. Ndagwira ntchitoyi zaka khumi ndi zinayi. Simundidziwa, ndipo pantchito yathu kusadziwika ndiye umboni woti zikuyenda. Timakhala m'chipinda chapansi pa likulu lanu, kuseri kwa makwerero, moyandikana ndi kumene amaunjikako mipando yothyoka. Zenera lathu limaonetsa matayala a magalimoto okha, choncho ndimadziwa kuti mwafika ndikaona matayala anu. Ndi matayala abwino kwambiri, Bwana.

Lolemba lapitali ndinakumvani pa wailesi mukulengeza kuti Lachisanu la sabata yamawa, nthawi ya 3 koloko masana, mudzazimitsa pulogalamu yakaleyi pamaso pa atolankhani n'kuyatsa yatsopano. Anthu anaomba m'manja. Ine ndinali m'basi, ndipo ndinatsikira pamalo olakwika.

Ndiloleni ndithokoze mwa manambala, chifukwa mutu wanga umayenda motero.

1. Ndikuthokoza chifukwa chotidziwitsa kudzera pa wailesi. Mabwana ena amayamba auza antchito awo, zimene zimabweretsa tsankho. Inu mumatiyesa nzika ngati wina aliyense. Nkhani ya ntchito yanga ndinaimva nthawi imodzi ndi mayi wogulitsa malalanje amene ndinakhala naye mpando umodzi, ndipo iye anaimvetsa msanga kuposa ine.

2. Ndikuthokoza chifukwa cha mayina. Chiyambireni ine ntchito, unduna uno wasintha dzina kasanu. Lanu ndilo lalitali kuposa onse, moti silikwana pamzere umodzi wa chikalata. Dzina la unduna limapezeka m'malo 213 m'pulogalamu yathu, ndipo malo onsewo ndimawadziwa ngati mmene munthu amadziwira mano ake owawa. Sindikudandaula. Ndikungonena kuti mwa maulendo asanuwo, anayi analengezedwa Lachisanu masana.

3. Apa ndiye pali nkhani. Ife opanga mapulogalamu timasiyana pa zambiri, timakangana ngakhale pa za kukula kwa mpata pakati pa mawu, koma pali lamulo limodzi limene tonse timaligwadira: chinthu chatsopano sachiyatsa Lachisanu. Si zamatsenga ayi. Chinthu chatsopano chimathyoka, chilichonse, ngakhale chopangidwa ndi akatswiri. Chikathyoka Lachiwiri m'mawa, aliyense ali pampando wake, tiyi ali m'manja, wosunga makiyi a chipinda cha seva, kompyuta yaikulu yosunga zonse, alipo. Chikathyoka Lachisanu madzulo, wamakiyi wapita kukaona apongozi, a kampani yopanga chinthucho azimitsa mafoni, inu muli paulendo wokalimbikitsa anthu kwina. Wotsala ndi munthu mmodzi amene nambala yake inamatidwa pakhoma la chipinda cholembera ana m'zipatala zonse. Munthuyo ndi ine. Ndinaimatitsa ndekha zaka zapitazo, ndili wodzipereka ndiponso wopanda nzeru. Ana sadziwa kuti boma limapuma Loweruka. Amangobadwa.

4. Ndikuthokoza chifukwa cha pulogalamu yatsopanoyi. Ndi yokongola zedi. Ili ndi mitundu yowala, mabatani ozungulira bwino, ndi chithunzi chanu patsamba loyamba mukumwetulira khanda. Yathu yakale ndi yotuwa, imachedwa kudzuka, ndipo mkati mwake muli zigamba zambiri kuposa buluku la mmisiri. Ndikuvomera.

Koma sabata yatha, panthawi ya nkhomaliro, ndinaiyesa yatsopanoyi. Palibe anandituma, ndi matenda anga chabe. Ndinalembamo mwana wongopeka, inamulandira ndi manja awiri. Kenako ndinalembamo mnzake: mayi yemweyo, tsiku lomwelo, chipatala chomwecho. Inandiyankha mwaulemu kuti mwana ameneyu analembedwa kale. Ndinayesanso kasanu ndi kawiri, ndikusintha mayina ndi maola. Bwana, pulogalamu yanu sikhulupirira kuti kunja kuno kuli mapasa. Ikaona awiri imasunga mmodzi, winayo imamuyesa kulakwitsa kwa namwino. Atatu sindinayese, ndinachita mantha.

Yakaleyo imawadziwa mapasa, osati chifukwa ndi yanzeru. Inaphunzira mochita manyazi. M'chaka changa chachiwiri pantchito kunabwera mayi wina mpaka m'chipinda chathu chapansi, mwana wina kumsana, wina pachifuwa, chikalata chimodzi m'manja. Sanakalipe. Anangowaika onse awiri patebulo panga, pamwamba pa mapepala, n'kundiuza kuti ndisankhe ndekha amene kulibe. Ndinakonza tsiku lomwelo. Mizere imene ndinalemba ndi yonyansa, anzanga amaiseka mpaka lero, koma chichokereni tsikulo palibe mwana wamapasa amene anasowanso. Zigamba zonse zija zili ndi mbiri yotere. China ndi cha bambo amene ali ndi dzina limodzi lokha. China ndi cha ana obadwa pa 29 Febuluwale, amene chaka china tinawakana onse.

Ndinalemba lipoti la masamba khumi ndi asanu ndi awiri, lokhala ndi zithunzi. Yankho linabwera la mzere umodzi, lakuti kavuto kameneka kadzakonzedwa m'gawo lachiwiri la ntchitoyi. Ndikuthokoza chifukwa cha yankho lachangu. Chongondidetsa nkhawa n'chakuti amayi amene ali ndi pakati pa mapasa sanauzidwe kuti adikire gawo lachiwiri.

5. Mwina wina akuuzani kuti ndine wotsutsa boma. Alamu anga amanena zimenezi m'ndemanga pansi pa nkhani iliyonse imene ndalemba, ngakhale ija yonena za kasungidwe ka mabatire. Si zoona. Otsutsawo ndinawamvera bwinobwino, cholembera chili m'manja. Akulonjeza kuti akadzalowa adzasintha zonse m'masiku zana, ndipo dokotala wanga anandiletsa kuwamveranso chifukwa cha kuthamanga kwa magazi. Inu mukufuna kugwetsa zakale, iwo akufuna kugwetsa zanu, ndipo nonse mukagwetsa mumapita kukadya. Wotola zidutswa sasintha.

Ndale zanga ndi zazifupi. Chinthu chikamagwira ntchito, funsani kaye chifukwa chake musanachichotse. Chatsopano chiyeseni pa anthu ochepa musanachigwetsere pa onse. Ndipo chakale musachitaye mpaka chatsopano chitatha mwezi chili chiimire. Anzanga awiri a m'chipinda muno anandipatsa dzina loti a Tiyesekaye, ndipo amati ndikanakhalapo tsiku limene anthu anatulukira gudumu ndikanapempha kuti aliyese kaye kwa miyezi itatu. Sanama. Ndikanapemphadi, ndipo mabuleki akanabwera msanga.

6. Chomaliza ndi changachanga, ndipo ndikuchita nacho manyazi. Loweruka lotsatira Lachisanu lanulo, 10 koloko m'mawa, mlongo wanga wamng'ono akukwatiwa. Bambo athu anatisiya iye ali kusekondale, ndiye wom'gwira dzanja polowa m'tchalitchi ndine. Tayeserera kale kawiri. Akuti ndimayenda mothamanga ngati ndikukazimitsa moto, ndipo ndikuphunzira kuchepetsa.

Banja langa limandidziwa. Ulendo umene munasintha dzina la unduna, mwana wanga wamkazi ankalandira mphoto ya masamu kusukulu Loweruka lake. Dzina lake linaitanidwa ine ndili panja, kuseri kwa holo, chala china m'khutu, ndikufotokozera namwino kumene angadine. Pachithunzi cha tsikulo pali mpando wanga ndi jekete langa. Tsopano amayi anga alamula kuti foni ikangolira m'tchalitchi adzaiponda okha ndi nsapato yawo yaukwati. Mlongo wanga sanaopseze chilichonse. Anangondifunsa ngati angauziretu amalume kuti akhale okonzeka, mwina mwake. Ndinamuuza kuti ayi, ndidzakhalapo. Ndinalonjeza ndisanamve wailesi.

Vuto langa, Bwana, ndi lakuti ndimadzidziwa. Foni ikalira, ndikadziwa kuti kwinakwake kuli mayi amene wauzidwa kuti mwana wake mmodzi kulibe, ndidzayankha. Ndikaisiya kunyumba ndidzaimvabe ikulira m'mutu kuyambira pakhomo mpaka kuguwa.

Choncho ndikugwada ndi pempho laling'ono. Sunthani mwambowu ufike Lachiwiri la sabata yotsatira, m'mawa, mutatipatsa masiku awiri oti tiphunzitse pulogalamu yanu kuwerenga mpaka pa awiri.

Ndikudziwa kuti mwina n'zosatheka, poti matenti anaitanitsidwa kale ndipo oimba ayeserera. Ngati ndi choncho, pali njira ina. Bwerani Lachisanu lomwelo, dulani riboni, lankhulani, dinani batani lalikulu lofiira. Ine ndidzakonza kuti batanilo lisalumikizidwe ku china chilichonse. Mukadzalidina, pakanema padzaoneka nyenyezi zikuphulika ndi mawu oyamikira utsogoleri wanu, pamene kuchipinda chapansi yakale ija ikupitiriza ntchito mwakachetechete. Musaope kuti zidzaoneka zachilendo. Batani limene munadina chaka chatha potsegulira nthambi yathu ina linali lotero, ndipo munatuluka bwino kwambiri pachithunzi.

Zonsezi zikakanika, sindidzatsutsa, ndine wantchito womvera. Lachisanu nthawi yoweruka ndidzakwera makwerero, n'kusiya foni yanga kwa mlembi wanu pamodzi ndi tchaja chake, kuti akupatseni. Imayamba kulira cha m'ma 7 koloko m'mawa. Anamwino ndi anthu aulemu, sadzakutayitsani nthawi. Adzangofuna kudziwa kuti mwa ana awiriwo, boma lasankha uti.

Ine wanu wodzichepetsa, amene wawerenga kalatayi kanayi asanaitumize,

Wopanga mapulogalamu,
Nthambi yolembera ana obadwa kumene.