Chiphuphu Chimene Chinandinunkhitsa Kachasu kwa Apongozi

Pansi pa mphuno yanga, chakumanzere, pali kachipsera kakuda konga njere ya mapira. Anthu akandifunsa ndimati ndinagwa pa njinga ndili mwana. Bodzali landitopetsa, ndiye lero mumve zoona zake. Amene mukudya yambani mwamaliza kaye.

Kwathu ndi ku Zomba. Ku Mzuzu ndinabwera kudzagwira ntchito mu sitolo ya zipangizo zomangira nyumba, ndipo ndinkachita lendi ku Masasa. Kuno n'kumene ndinapeza Tawonga, mtsikana amene ndinatsimikiza mtima kuti ndimukwatira. Vuto linali bambo ake, a Gondwe a ku Kaning'ina, mkulu wa mpingo. Mwana wawo woyamba anakwatiwa ndi chidakwa chimene chinagulitsa ndi zitseko za nyumba zomwe, ndiye mkuluyu analumbira kuti munthu wakumwa sadzatenganso mwana pakhomo pake. Anatumiza uthenga woti ndisanatume thenga wokakamba za malowolo, akufuna andione kaye ndi maso awo Loweruka masana. Ine sindinade nkhawa. Mowa sindinaulawepo chibadwire (si chiyero ayi, ndimangoopa kusanza).

Lachitatu m'mawa ndikumeta ndevu, ndinakaona. Kachiphuphu kakang'ono, kaulemu, kongokhala phee pansi pa mphuno osaputa munthu. Wanzeru akanakasiya. Koma ine ndili ndi dipuloma ya zamalonda, ndiye ndinaona kuti udokotala suli patali kwenikweni. Ndinakafinya ndi zala zomwe ndinali nditangopolishira nsapato. Sikanatuluke kanthu. Ndinafinyanso mpaka misozi inalengeza, kenako kunatuluka timagazi, ine n'kudziyamikira kuti ntchito ndaigwira.

Lachinayi kanali katakula ngati nyemba, kofiira, kakugunda ngati kali ndi mtima wakewake. Apa ndinaona kuti nkhaniyi ikufunika katswiri, ndiye ndinaitana Yotamu, neba wanga wometa tsitsi kumsika. Munthu wogwira mitu ya anthu tsiku lonse angalephere bwanji chiphuphu?

Anandipendeketsa mutu uku ndi uku ngati akusankha kabichi.

"Bwana, mwafinya chosapsa," anatero. "Koma osadandaula yayi, tichithandiza. Singano muli nayo?"

Singano ndinali nayo, yosokera mabatani. Anaiwotcha ndi machesi mpaka inada bii, n'kuipukuta pa buluku lake (kuti iyere, mwamva?), kenako n'kubaya. Ndinaona nyenyezi dzuwa likuswa mtengo. Pamwamba pake anamatapo adyo wosinja wosakaniza ndi mankhwala otsukira mano.

"Chikamawawa ndiye kuti chikugwira ntchito chomene," anandilimbitsa mtima.

Chinagwiradi ntchito. Lachisanu ndinadzuka mlomo wapamwamba utalendewera, tsaya litatupa, khungu litapsa ndi adyo uja. Ku ntchito sindinapite. Mwina mukufunsa kuti bwanji sindinapite kuchipatala, poti pa kabaza ndi ulendo waufupi chabe. Inu, bambo wamkulu ndevu pepeya ndikaime pamzere pakati pa anthu odwala zenizeni, n'kunena kuti ndabwera ndi chiphuphu? Ulemu wanga ndinausunga bwino kwambiri. Tawonga ataimba foni ya vidiyo, ndinamuuza kuti netiweki ya ku Masasa yavuta.

Loweruka m'mawa diso lamanzere linali litatsinzina theka, thupi likutentha, mphuno itatsekeka moti sindinkamva fungo la chilichonse. Yotamu anabwera ndi kabotolo m'thumba.

"Kuchipatala amatsukira sipiriti," anatero, "koma uyu ndi mkulu wake wa sipiriti. Majeremusi akangomumva amathawa okha."

Anali kachasu. Ananyowetsa thonje, n'kulimata pabalapo ndi pulasitala. Ine ndinavala masiki yotsala nthawi ya mliri ija kuti ndibise zonsezo, ndipo kabotolo kaja ndinakaika m'thumba la jekete kuti ndikanyowetsenso thonje panjira. Onani kusamala kwake. Ndinanyowetsadi, kawiri.

Tawonga anandichingamira pageti. Atandiyandikira anabwerera m'mbuyo.

"Iwe, chachitika n'chiyani? Ndipo ukununkha chiyani?"

"Chimfine chabe," ndinatero.

Asanafunsenso, mawu anamveka m'nyumba: "Mlendoyo alowe!"

Pabalaza panali a Gondwe, Baibulo lili patebulo, ndi mlongo wawo, azakhali ake a Tawonga, amene ndi namwino wopuma ntchito. Moni wa Chitumbuka ndinali nditauyeserera masabata awiri, koma ndi mlomo wotupawo unatuluka mokokakoka ngati wa munthu amene wagona kumowa. Ndinaona mphuno ya a Gondwe ikugwedera. Tiyi atabwera mkuluyo anapemphera pemphero lalitali, ndipo mawu oti "oledzera" ndinawamva katatu.

"Vulani kansaluko, bambo," anatero atati ameni. "Pano tiyi sitimwera m'makutu."

Ndinavula. Tawonga anagwira pakamwa.

"Anakumenyani ku bala iti?" anafunsa a Gondwe modekha.

"Sindimwa mowa ine, bambo."

"Nadi? Ndiye fungo ili ndi perefyumu wa ku Zomba?"

Thukuta linali kamukamu ngakhale kunja kunali kuwaza kamvula kozizira ka ku Mzuzu kaja. Ndinapisa m'thumba kuti nditenge kampango, ndipo kampangoko kanatuluka ndi mnzake. Kabotolo kanagwa pansi, n'kugubuduka mwaulemu mpaka kukaima pa nsapato ya mkulu wa mpingo. Anakatola, n'kutsegula, n'kununkhiza, n'kukaimika pambali pa Baibulo.

"Tawonga," anatero osandiyang'ana, "muperekeze mlendo wako. Thenga asavutike kubwera."

Apa nthabwala zinandithera. Tawonga ankalira mwakachetechete, ndipo ine ndinamva mtima ukuwawa kuposa nkhope, poona kuti ndikutaya mkazi chifukwa cha mowa umene sindinamwe n'dontho lomwe. Ndinayesa kufotokoza, koma mlomo sunkandimvera.

"Tadikirani kaye, adumbu," anatero azakhali aja kuuza mchimwene wawo. Anadzuka, n'kundigwira chibwano, n'kumatula pulasitala popanda chisoni. "Ichi si chibakera. Mwana uyu wafinya chiphuphu. Wabaya ndi chiyani iwe?"

"Singano, mayi."

"Kupsaku?"

"Adyo."

"Tapumira kuno." Ndinawapumira kumaso. Ananunkhiza m'kamwa mwanga, kenako thonje lija, n'kupukusa mutu. "Sanamwe yayi. Uyu si chidakwa, adumbu. Ndi chitsiru chabe."

Anzanga, chibadwire sindinamvepo mawu okoma ngati amenewo. Ndinatsala pang'ono kuwathokoza kuti yewo chomene.

Koma azakhali sanali kuseka. Anandigwira pamphumi n'kunena kuti thupi latentha kwambiri. Anati malo ochokera pamphuno kufika pamlomo si oseweretsa, chifukwa mitsempha ya magazi ya pamenepo imalumikizana ndi ya m'mutu, ndipo ukafinya, zoipa zimatha kulowera mkati m'malo motuluka.

"Ukanachedwa masiku ena awiri, thenga wako akanabwera kudzanena za maliro, osati za malowolo," anatero.

A Gondwe eniakewo ndi amene ananditengera kuchipatala pa galimoto yawo yakale. Anaimika galimotoyo pageti la chipatalacho.

"Woledzera akagona amadzuka mowa utamuthera," anatero akuzimitsa injini. "Koma matenda anuwa sindikudziwa ngati amatha."

Ndinabayidwa jakisoni masiku asanu, pamzere womwe uja ndinkauopa, ndipo aliyense ankandifunsa kuti anandimenya ndani. Thenga analoledwa kubwera patatha miyezi itatu, a Gondwe atafufuza kumpingo kwathu, ku ntchito, ngakhalenso kwa eni nyumba anga. Ukwati unachitika. Pazithunzi zonse ndinaima chammbali ngati munthu wokwiya ndi wojambula. Mpaka lero pakakhala mwambo wa pabanja, apongozi anga amandilonjera mokweza pamaso pa anthu kuti, "Afika adokotala! Odwala akhale pamzere." Yotamu naye amauza makasitomala ake kuti anandichiritsa ndi iyeyo, akuchipatala anangomalizitsa.

Ndiye ndinaphunzirapo kanthu? Kwambiri. Ndimalangiza ndi achinyamata kumpingo kuti chiphuphu n'chosafinya, chimafuna sopo, madzi ndi kuleza mtima, ndipo chikatupa thamangirani kuchipatala. Amandimvera, poti umboni uli pankhope.

Kungoti dzulo pachibwano panga panatuluka china. Tawonga wabisa singano zonse m'nyumba muno, kalilole wakubafa wamuchotsa, ndipo wandichenjeza kuti akangoona kufiira aimbira azakhali. Moti pamene ndikulemba izi, dzanja lamanzere ndalikhalira.

Koma chapsa bwino, anzanga. Ichi chokha ndiye chapsa.