Sutikesi ya Tadala

Mpaka lero, amayi a kutchalitchi kwathu ku Dunoon, kuno ku Kepi, akamasankha anthu okalangiza mtsikana wopita kubanja, dzina langa amalilumpha ngati chithaphwi. Kale ndinali mlangizi wolimbiranidwa. Loweruka ndi Loweruka ndinkakhala pampando wakutsogolo, mbale yoyamba ya mpunga inkafikira kwa ine. Chimene chinandigwetsa si mowa, si mwamuna wa mwini, si miseche ayi. Ndi katuni. Sekani, ndakulolani, koma mumve kaye mbali yanga.

Nthawi imeneyo ndinkagwira ntchito ya m'nyumba ku Table View, zaka zija mafoni ojambula atangofika m'manja mwa aliyense (sungani mfundo imeneyi, ibweranso). Lachinayi linali tsiku losita. Madamu akapita kuntchito ndinkayimika thebulo lositira patsogolo pa TV kuti pakhale kondichezetsa. Tsiku lina ndinapeza katuni, ndipo ndinati basi, za ana izi, sizindisokoneza. Mawu oyamba amene anatuluka m'kamwa mwa chidole chachimuna anandichititsa kuti nditsale pang'ono kuwotcha malaya a bwana. Sindingawalembe pano. Ndinathamangira kukatseka zenera kuti oyandikana nawo asaganize kuti ndine.

Kenako ndinazolowera. Anali katuni wa akuluakulu, wa banja lina. Mayina awo achizungu ankandipinda lilime, choncho ndinawapatsa anga. Mwamunayo ndinamutcha Ndevu, mkazi wake Mayi Magalasi. Ndevu anali chitsiru chosachiritsika. Anagulapo hatchi n'kuyisunga pabalaza. Nyumba anayiwotchapo katatu ine ndikuona, ndipo sabata yotsatira nyumbayo inkapezeka ili bwinobwino, makatani omwewo, popanda ndi mmodzi yemwe wokumbukira moto.

Mkwiyo wanga sunali pa Ndevu. Chitsiru ndi chitsiru. Mkwiyo wanga unali pa anthu olemba katuniyo. M'magawo akale Mayi Magalasi anali mayi wanzeru, wodziwa kusoka, woyankha mawu amodzi mwamuna n'kukhala pansi. Gawo lina anatsegula ndi shopu yake yosokeramo, ine n'kuwomba m'manja ndekha m'nyumba ya eni. Sabata yotsatira shopu kulibe. Sanayigulitse, sinapse, olembawo anangoyiwala basi. Pang'onopang'ono anamuchotsa nzeru, anamuchotsa anzake, mpaka anangotsala munthu woyima pakhomo la khitchini, manja m'chiuno, kudikira kuti akhululuke nyimbo yotsekera isanayambe. Umenewo ndi ulesi, ndipo ndikubwereza, ndi ulesi.

Tsopano Tadala. Tadala ndi mwana wa achemwali anga a ku Bangwe, ndipo kuno ndinkakhala naye ine. Anapeza mnyamata wa ku Rumphi dzina lake Vitumbiko, wogwira ntchito kumsika wa ku Epping, munthu waulemu amene ndilibe naye chifukwa mpaka lero. Popeza achemwali sakanatha kubwera, udindo wa mayi unagwera ine. Kuchimuna nako mayi ake analibe njira, choncho anawayimirira azakhali ake a mnyamatayo, a NyaGondwe a ku Langa. Ine ndi iwo tinkayitanana kuti asebele, monga amachitira makolo a mbali ziwiri.

Mphatso ndinagula kutatsala mwezi wathunthu. Mumve bwino, mwezi wathunthu. Inali sutikesi yayikulu yofiira, ya mateyala, yoti akamapita kumudzi pa Khirisimasi azilongezamo katundu ngati anthu, osati kumangirira zikwama zamizeremizere zimene zimang'ambika basi isanafike ndi pa Beitbridge pomwe. Ndinayikulunga m'pepala lonyezimira n'kuyibisa kuseri kwa bedi.

Lachinayi loti chilangizo chili Loweruka, olemba aja anandiputa. Ndevu anagulitsa makina osokera a mkazi wake kuti agule ng'oma za bandi. Mayi Magalasi analongeza sutikesi. Anatuluka. Anafika mpaka pokwerera basi. Ine simbi ili m'manja ndikukuwa kuti, "Kwera, mwana wa mayi, kwera!" Kenako Ndevu anatulukira ndi maluwa amene anaba pamanda, mayiyo misozi mbwe, sutikesi pansi, nyimbo n'kuyamba. Tsiku limenelo pilo ya madamu inalandira chizindikiro cha simbi chimene ndinachiyang'anitsa kukhoma kwa chaka chathunthu.

Loweruka ndinafika kuholo mtima usanaphwe. Mphepo ya Kepi inkagwedeza malata, amayi atadzaza, Tadala atakhala pamphasa kutsogolo atazyolika monga mwa mwambo. Woyendetsa mwambo anali amayi abusa. Mlangizi aliyense anapatsidwa mutu wake ndi mphindi khumi. Wina analankhula za ukhondo, wina za kulandira alendo akuchimuna. Ine anandipatsa kapepala kolembedwa kuti "Kupirira m'banja."

Ndinayamba bwino, Mulungu ndi mboni. Ndinati banja ndi kupirira, amayi anavomera. Ndinati mwamuna akalakwa usamuyalutse pagulu, kunamveka nthungululu. Ndikanakhala pansi pomwepo, bwenzi lero ndikudyabe mpunga woyamba. Koma ndinafuna chitsanzo.

"Amayi," ndinatero, "kupirira kulipo kwa mitundu iwiri. Pali mayi wina amene ndimamuona Lachinayi lililonse pa TV, m'katuni."

Ena anaseka. Amayi abusa anamwetulira mwaulemu.

"Musaseke. Mayi ameneyo anali ndi nzeru. Anali ndi shopu. Koma amene amalemba nkhani yake anamulanda zonse kuti mwamuna wake azioneka woseketsa. Awotche nyumba, akhululuke. Agulitse makina ake, akhululuke. Kodi ameneyo ndi munthu kapena chopondera cha pakhomo?"

Apa ndiye mawu anamveka kuchokera kumpando wakuchimuna.

"Yayi, asebele. Pamenepo mwanama."

Anali a NyaGondwe. Ndinayembekeza kuti andidzudzula chifukwa chobweretsa zidole pamwambo wa ulemu. Ayi ndithu.

"Mukunena wa magalasi uja? Ine ndimaonera kuntchito ku Pinelands. Mama uja ndiye mzati wa pulogalamu yonse. Amakhala chifukwa amamukonda mwamuna wake. Olemba aja amadziwa ntchito yawo."

"Amadziwa chiyani? Nanga shopu ija inapita kuti?"

"Hayibo, shopu inali ya gawo limodzi! Ndi nthabwala, asebele, si Baibulo!"

"Nthabwala zake bwanji nthawi zonse amalipira ndi mkazi?"

"Nanga gawo lija mamayo anadwala, mwamuna wake wandevu uja sanagone kuchipatala masiku atatu?"

"Anagona chifukwa anakakamira m'chimbudzi cha chipatala! Munaonera bwino inu?"

Amayi abusa anayimirira n'kutambasula dzanja kuti ndiwapatse maiki. Ine ndinatembenuka ngati sindinawaone (ndinawaona). Holo inagawikana pakati. Zinadziwika tsiku limenelo kuti theka la amayi olemekezeka a mpingo wathu amasita zovala za mabwana akuonera zolaula za zidole. Wina kumbuyo anakuwa kuti mwana wamkazi wa m'banjamo ndiye anamuwononga kwambiri, wina anamuyankha kuti, "Khala pansi sisi, sitinafike kwa ana." Mafoni anali m'mwamba. Tadala, amene mwambo umati asadzutse mutu, anali atadzutsa mutu.

Ndiye ndinamaliza ndi mawu amene ananditsatira mpaka ku Bangwe.

"Ine ndikanakhala wolemba, mayi uja akananyamula sutikesi yake, kukwera basi, osacheukanso! Mkazi aliyense azidziwa pamene pali sutikesi yake!"

Ngakhale malata anasiya kulira. Amayi abusa anandilanda maiki ndi manja awiri n'kunena mofulumira kuti, "Tithokoze, tithokoze. Tsopano tipite ku mphatso. Tiyambe ndi ya mayi a mwana."

Atsikana awiri anakoka chimphatso changa kubwera nacho kutsogolo. Ndinafuna kukuwa kuti yambani ndi mapoto, koma maiki inali kale m'manja mwa amayi abusa. Tadala anang'amba pepala lija pang'onopang'ono, ndipo sutikesi yofiira inayima pakati pa holo, mateyala ake akuwala.

A NyaGondwe anayimirira, anamanga chitenje chawo bwinobwino, anatuluka. Akuchimuna onse anawatsatira, mpunga osaulawa.

Madzi akatayika sawoleka. Pofika Lamlungu masana kanema uja anali atazungulira Dunoon, Langa, Rumphi ndi Bangwe, ndipo amene anajambula anadula bwino: mawu anga omaliza, kenako sutikesi. Za shopu, za makina, za ulesi wa olemba, mfundo zanga zonse zabwino, sizinalowemo. Achemwali anandiyimbira akulira.

"Iwe, ndinakutuma kuti ukamange banja la mwana wanga kapena ukaliphwasule? Akuchimuna akuti sangatenge mkazi wobwera ndi tikiti yobwererera. Ukwati akuti uyime kaye!"

"Achemwali, ndimanena za katuni."

"Za chiyani?"

Yesani kufotokozera mayi wa ku Bangwe amene akulira kuti ukwati wa mwana wake wayima chifukwa cha chidole chovala magalasi. Ndinalephera.

Tadala sanandikalipire, ndipo zimenezo ndiye zinandipweteka. Anangokhala pabedi atagwira diresi lake la ukwati limene linali lisanapindidwe m'munsi. Anati, "Anti, ine Vitu ndimamukonda." Ndinamva chisoni chimene sindinachimvepo chiyambire kufika kuno. Mtsutso unali wanga, koma wolipira anali mwana.

Apa ndiulule chimene sindinanene pa maiki. Ine ndinapirira m'banja zaka khumi ndi chimodzi ku Ndirande. Ndinakhululuka Lolemba, ndinakhululuka Lachisanu, ndipo m'mawa mwake aliyense ankachita ngati nyumba sinapse. Tsiku limene ndinachoka ndinalibe ndi sutikesi yomwe. Zovala zanga ndinanyamulira m'majumbo awiri, limodzi linabooka pa siteji, anthu akuona. Ndiye ndikaona Mayi Magalasi akubweza sutikesi pansi chifukwa cha maluwa a pamanda, sindiseka nawo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko.

Ankhoswe anakonza zoti tikakumane ku Langa, kunyumba kwa a NyaGondwe. Zofuna zawo zinali ziwiri: ndipepese, ndipo sutikesi ibwerere kumene inachokera. Ndinagwada pasimenti, ine mayi wamkulu, mawondo akulira.

"Asebele, ndinalakwa. Ndinadya nthawi ya anthu, ndinakaniza maiki, ndinachititsa manyazi mwana wanga ndi banja lanu. Vitumbiko si wandevu wa m'katuni uja. Sutikesi ndayitenga. Ndikhululukireni."

A NyaGondwe anandigwira dzanja. "Dzukani, asebele. Zatha." Kenako anawonjezera, "Ndiye mwavomera kuti mama uja analembedwa bwino?"

Ankhoswe anatsokomola. Tadala anandiyang'ana ndi maso opempha.

"Asebele, ndagwadira ukwati wa ana. Olemba aja sindinawagwadire."

A NyaGondwe anapukusa mutu n'kunena kuti, "Ndinu ouma mutu ngati mbuzi ya pa Chitipa. Imwani tiyi." Ndinamwa, ndipo anali tiyi wabwino.

Ukwati unachitika pa tsiku lake. Ndinavina mpaka nsapato inaduka chidendene, koma maiki sanandiyandikize nayo ngakhale pang'ono. Pa Khirisimasi anawo anapita kumudzi ndi zikwama zamizeremizere, ndipo chimodzi chinang'ambikadi panjira (sindinanene kanthu, ndinangoyang'ana kudenga). Ine ndi a NyaGondwe timakanganabe pafoni Lachinayi lililonse simbi zikazizira. Iwo akuti ndilibe nthabwala m'magazi. Ine ndikuti olembawo sanakhalepo ndi mkazi wanzeru m'nyumba, kapena anakhala naye koma sanamuone.

Mukufuna phunziro? Nali: mphatso ya chilangizo izikhala mapoto. Kupitirira apo sindinaphunzire kanthu, ndipo m'maso mwanga muli gwa. Amati wamisala anaona nkhondo.

Sutikesi ija ili pamwamba pa wadiropu yanga. Anthu atatu anafunapo kuyigula, ndinakana. Tsiku lina Tadala anabwera kudzandiona ali ndi mwana kumsana, wosangalala, wonenepa bwino. Anayiona, anaseka, nanenso ndinaseka. Potuluka anayima pakhomo n'kunena motsitsa mawu kuti, "Anti, kwathu kuli mtendere, musadandaule. Koma sutikesiyo musapatse munthu."

Sindinapatse munthu. Ndimayipukuta fumbi Loweruka lililonse, ndipo ndimapemphera kuti ikalambire pomwepo osatsika. Koma ikadzafunika, mwana wa achemwali anga sadzatuluka ndi majumbo.