Kansalu Kofiira Pachulu cha M'malire

Anthu akamandifunsa chifukwa chake munda wanga wa ku Machinjiri uli wolowa chakumtunda ngati wina anauluma, ndimangoti ndi mmene anatigawira. Limenelo ndi bodza. Mundawo ndinauluma ndekha, dzuwa likuswa mtengo, pamaso pa mboni.

Nthawiyo ndinkagwira ntchito pafakitale ina ku Makata, ndipo kamundako ndi kamene kankatifikitsa kumapeto kwa mwezi. Chakumtunda ndinachita malire ndi a Namakhwa, bambo wamfupi wosalankhulalankhula, amene khasu ankaligwira mongokwaniritsa mwambo koma mtima wawo wonse unali pa kusaka. Anali ndi agalu owonda okhaokha, ndipo kukacha ankalowera kuphiri ndi alamu awo kukafuna nkhanga ndi agwape. Kuphiri kukavuta ankabwerera ku mbewa. Apa ndiye panagona nkhani, chifukwa m'malire mwathumo munali chulu chachikulu. M'chilimwe chinkadzaza mauna a mbewa, mvula ikagwa chinkalavula ngumbi zodzaza ndowa.

Ine ndinkati chulucho nchanga, iwo ankati nchawo. Iwo ankatchera misampha mozungulira chulu, ine ndikafika Loweruka ndinkaigumula ndi phazi. Iwo ankakumba mbewa mpaka kulowa m'mizere yanga, ine ndinkakwirira maenjewo ndikutukwana (chamumtima, ndithu, ndiponso nditayang'ana kaye ngati agalu ali pafupi). Kenaka chaka china anayatsa moto kuti mauna aonekere, mphepo inatembenuka, motowo n'kulowa mu nandolo wanga amene anali atangoyamba kukhwima. Ndinapeza mbali yonse yakumtunda ili bii, mitengo ya nandolo itangoima ngati misomali.

Kupita kukawayang'ana m'maso sindikanatha. Munthu woyenda ndi nthungo, chibonga ndi agalu sumukalipira uli chimanjamanja, makamaka ukakhala ndi thupi ngati langali. Mnzanga wina kuntchito anandiuza kuti mlenje saopa munthu, amaopa mankhwala, choncho ndingotsirika munda basi. Kwa sing'anga sindikanapita, poti ndinali woyambitsa nyimbo mukwaya ya kutchalitchi. Ndiye ndinaganiza zokhala sing'anga ndekha.

Ndinapeza kansupa kakale, ndinathiramo mwaye wa kumphika ndi girisi wa kufakitale, n'kusomekapo nthenga za nkhuku yakuda. Chinasowa ndi kansalu kofiira, pajatu mankhwala opanda kansalu kofiira saopsa ngakhale khanda. Akunyumba anali atapita kumpopi. Ndinapisa dzanja pansi pa sutikesi yawo, ndinapeza nsalu yakale yofwifwa, yopindidwa chotembenuza, ndipo ndinadula ndi lezala pamene panafiira osaitambasula n'komwe. Ndinali pachangu ngati wakuba, ndipo kunena zoona ndinali wakuba. Loweruka limenelo ndinakazika nsungwi pamwamba pa chulu n'kupachikapo ntchito ya manja angayo.

Zinagwira. Sabata yonse panalibe msampha ngakhale umodzi. Kuntchito ndinayamba kuyenda chifuwa chili patsogolo, mpaka kulangiza anzanga za kakhalidwe ndi anansi ovuta.

Tsiku lina pochokera kuntchito ndinapeza chitseko chotseka, dzuwa likanalipo. Akunyumba anali atakhala pamphasa, nsalu ija ili pamiyendo, milomo itauma. Sanandipatse moni. Anangoitambasula pang'onopang'ono.

"Abambo ake Joyisi," anatero monong'ona, "diso ndi khutu zapita kuti?"

Inali nsalu ya chipani, ija amayi ankavala pokavina pamaso pa Mwini dziko, pulezidenti wa nthawiyo, yokhala ndi nkhope yake. Pamene panayenera kukhala diso ndi khutu panali bowo, ndipo kudzera pabowopo ndinkaona bondo la mkazi wanga.

Achinyamata a lero mwina mukuseka, koma ine sindinaseke. Masiku amenewo tinkamva kuti munthu ankatha kusowa chifukwa chongokulungira usipa m'nyuzipepala yokhala ndi chithunzi chimenecho. Nanga ine? Ndinali nditadula diso, kulipaka mwaye ndi girisi, kulimangirira kunsupa ya ufiti, n'kulikweza pansungwi kuti Machinjiri yense alione. Ngakhale mwana akanati ndikulodza Mwini dziko. Mlandu wotero unalibe wokuimira, ndipo ankati ukapita sudziwika kumene wapita.

Ndinathamangira kumunda nsapato za kuntchito zili kumapazi. Nsungwi ndinaipeza ili chilili, koma nsupa ndi kansalu kake panalibe. Pansi panali mapazi a agalu okhaokha, ndi phazi limodzi lalifupi lopanda nsapato limene ndinkalidziwa bwino.

Masiku otsatirawo sindifuna kuwakumbuka. Nsalu yotsalayo akunyumba anaiotcha pambaula pang'onopang'ono, mazenera otseka, tonse tikutsokomola mopanda phokoso. Chakudya chinkangozungulira m'kamwa. Galimoto ikaima panja ndinkapezeka ndili kuchimbudzi, ndipo sikuti ndinkabisala kokha, m'mimbamo munali mutatseguka zenizeni. Ndinayamba kuvala mabuluku awiri popita kuntchito, kuti akanditenga ndikakhale ndi chosinthira (kutentha konse kuja kwa mu Okutobala). Anyamata ofunsa makhadi a chipani pamsika ndinkawaonetsa langa asanandifunse, mpaka mmodzi anandiuza kuti, "Madala, taliona kale m'mawa, pitani." A Namakhwa ndinakumana nawo kamodzi panjira. Anandipatsa moni mwaulemu monga mwa masiku onse, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. Moni ameneyo anandilanda tulo.

Kenaka uthenga unabwera. A tcheyamani a chipani m'dera lathu, amene masiku amenewo ankaweruzanso timikangano ta m'mudzi, ankandifuna kumunda Loweruka m'mawa. A Namakhwa ndi amene anakawaitana, ati pa nkhani ya pachulu.

M'mawa wa tsikulo ndinawauza akunyumba kuti zikavuta atenge mwana abwerere kwawo ku Chiradzulu, asadikire. Iwo anandipakira mbatata yootcha m'thumba la jekete, akulira mopanda mawu. Ndinanyamuka nditavala mabuluku anga awiri aja.

Pachulu ndinapeza a tcheyamani, a Namakhwa, alamu awo ndi anthu ena a minda yoyandikana. Agalu anali atagona pamthunzi. Maso anga sanachoke pathumba la malaya a a Namakhwa, limene linkaoneka lotupa. Ndili m'njira ndinali nditapeza nzeru imodzi yokha, nzeru ya munthu wamantha: chinthu chikapezeka pamalo, mlandu ndi wa mwini malo.

A tcheyamani anakonza kukhosi. "Ndamva kuti pachulu pano pakhala pakuchitika zinthu zosakhala bwino. Tiyambe ndi inu. Chuluchi ncha ndani?"

"Ncha a Namakhwa, bwana," ndinatero.

Onse anandiyang'ana. A Namakhwa anakweza mutu.

"Shuwa?" anafunsa a tcheyamani. "Si inu mwakhala mukuti nchanu?"

"Kunali kulankhula chabe, bwana. Ine pachulupa sindifikapo n'komwe. Chilichonse cha pamenepa nchawo."

Anandifunsa kuti nanga malire enieni ali pati. Ndinayamba kubwerera chambuyo ndikuloza pansi. Ndikaima ndinkaona kuti chulu chikanali pafupi, n'kubwereranso. Ndinadutsa pamene ndinkabzala maungu, ndinadutsa nandolo wopsa uja, mpaka ndinakaima pafupi ndi mtengo wa mango. Mayi wina anachita kundikumbutsa kuti mizere imeneyo ndinalima ndekha chaka chatha, ine n'kumuyankha kuti ndinkangowathandiza a Namakhwa. Ndinalumbira kuti malire akhala ali pamenepo chiyambire.

Ndinadikira kuti tsopano kansalu katuluke m'thumba muja. A Namakhwa anapisamo dzanja, ndipo anatulutsa kabotolo ka fodya wa mphuno. Ananunkhiza, anayetsemula, n'kubwezeramo.

A tcheyamani anati chiyambire kuweruza sanaonepo mkangano wosavuta chonchi, ndipo anandiyamikira pamaso pa onse kuti ndine chitsanzo cha umodzi. Anatuma anthu kuthyola nkhadze n'kuzibzala pamalire atsopanowo. Dzenje loyamba ndinakumba ndine. Za nsupa panalibe amene anatchulapo.

Anthu atabalalika, a Namakhwa anandipeza pansi pa mango paja. Anayang'ana uku ndi uku, n'kulankhula motsitsa kwambiri.

"Achimwene, kansalu kanu kaja ndinakaotcha tsiku lomwe ndinakaona. Galu ndi amene anakagwetsa. Nditakatambasula ndinangokhala pansi. Mukanatiphetsa tonse, inu ndi ine."

Ndinangowafunsa chimene anaitanira a tcheyamani.

Anati atawona kuti mkangano wafika potero, anaganiza kuti uthe zisanafike poipa. Anabwera kudzapepesa za nandolo, ndiponso kudzapempha kuti chulu tichigawane pakati, iwo mbewa, ine ngumbi. Ndiye asanatsegule pakamwa, ine ndinali nditayamba kale kuyenda chambuyo.

Mtima utakhala pansi, dyera linadzuka. Ndinati ngati zili choncho, bwanji tingozula nkhadzezo tichite monga ankaganiziramo. Anandiyang'ana monga anachitira panjira paja.

"Ayi, achimwene. Inu munandipatsa chuluchi mukuganiza kuti pali imfa. Ndalandira."

Anaitana agalu awo n'kumapita. Ine ndinakhala pansi pa mango, thukuta likuyenderera m'mabuluku onse awiri, ndikudya mbatata ya kundende ija. Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa mantha a masiku onse aja.

Nkhadze zija zinagwira bwino, pano ndi zazitali kuposa ine. A Namakhwa sanauzepo munthu za kansaluko mpaka anamwalira, ndipo chaka chilichonse mvula yoyamba ikagwa ankatumiza mbale ya ngumbi kunyumba kwathu, zochokera pachulu chawo. Akunyumba ankazikazinga n'kundiikira patsogolo.

Mungaganize kuti ndinaphunzirapo kuti mnansi umakambirana naye pamaso. Mwina ndinaphunzira. Koma chaka chathachi mbuzi za mnansi wanga watsopano zitandidyera chimanga, ndinadzipeza ndikuyang'anayang'ana kansupa kuseri kwa nyumba. Akunyumba anangondiona, analowa m'chipinda, n'kukhoma sutikesi yawo ndi loko.