Chambo cha Ana a Sitandade 2

Lolemba

Ndikulemba pang'onopang'ono, dzanja la sukulu ya kwacha silithamanga. Nkhani ndi iyi. Loweruka kukubwera ana a Sitandade 2 a ku Monkey Bay, kuno kumalo ophunzitsira zachilengedwe kumene ndimasesa. A Nyirenda, aphunzitsi athu a ku Rumphi aja, akuti ulendo watha ana anagona pamabenchi iwo akulozaloza zithunzi. "Madala, ulendo uno aone ndi maso, agwire ndi manja." Ine pakamwa pandiyabwa. Ndati ndiwaonetsa chambo chachikazi chosunga ana m'kamwa, chamoyo! Avomera.

Ana amanditcha agogo a tsache. Loweruka dzinalo litha.

Zofunika: mgolo wodula pakati, mchenga, miyala, nsomba. Ndi msana.

Lachiwiri

Nsomba ndatenga ku khoka la Che Asibu, mlamu wanga, kunja kwa malire a paki yoteteza nsomba, kuopa milandu. Ndowa yodzaza bwino, ndipo chambo chimodzi n'chotupa pakhosi. Ntchembere yanga imeneyo!

Koma mgolo ngolemera. Amuna atatu a padooko andithandiza kuukunkhuniza mpaka pamthunzi. Tafika, sakuchoka. Angoima, manja kumbuyo, akuyang'ana kumwamba ngati kuli mvula. Kuno kwathu munthu akagwirako chingwe cha khoka sabwerera chimanjamanja, ndi mmene tinakulira. Ndikuwauza mwaulemu kuti izi ndi nsomba za maphunziro. "Ee, madala, ifenso sukulu sitinamalize." Aliyense watenga chambo chake. Zatsalabe zokwanira.

Lachitatu

Madzi ngofunika kusintha m'mawa ndi madzulo, apo ayi nsomba zimagadama. Ndikutunga ndekha, mwadala. Msana ukulira.

Ndili pakati panjira, ndowa yapepuka mwadzidzidzi. Kucheuka, mlamu wagwira mbali inayo! Sindinamuitane. "Alamu, mufa nazo izi." Nsombazi ndi zake zomwe anandipatsa dzulo. Koma dzulo linapita, lero wagwirako. Wasankha yekha.

Madzulo wabweranso, ndi mnzake.

Lachinayi

Atcheyamani a nthambi ya chipani abwera kudzaona makadi. Yanga ili m'thumba la malaya, yokulunga m'pepala la shuga. Aiona, agwedeza mutu. Kenako asuzumira mumgolo.

"Chitukuko chimenechi! Nanga chachikulucho, kunenepa kwake!"

Munthu wamkulu akayamika chinthu kawiri, watenga. Iwo ayamika katatu. Ndawatungira ndekha pa mlaza, ndikuthokoza.

Yatsala ntchembere yokha. Sikudya, sikuyasamula, ikungopuma. Ndavundikira ndi lata, mwala pamwamba.

Lachisanu

Kunyumba kwafika alendo, apongozi a mwana wathu ochokera ku Lungwena. Ndiwo: nkhwani, nkhwani wokhawokha. Mayi a kunyumba andibweretsera mbatata kuntchito, zimene sanachitepo chikwatiranire. Akhala pafupi ndi mgolo. Ine ndakhala pamwamba pa lata.

"Nsomba yongoiyang'ana basi? Alendo adye masamba nyanja ili pakhomo? Manyaziwo asenza ndani?"

Sindikusuntha. Koma a Nyirenda andiitana kukanyamula mabenchi. Pobwera, mwala uli pansi, lata lili pambali, mgolo wadzaza madzi atsopano mpaka pakamwa. Mayi anditungira! Agwirako! Ntchembere mulibe.

Madzulo ndadya nawo. Inali yonona, ndisaname.

Loweruka

Lole ya ana yafika, akuimba. A Nyirenda sindinawauze. Ana azungulira mgolo, maondo pansi. Ine ndikuyang'ana tsache langa, mnzanga wakale.

Kenako kamtsikana kogweluka mano kakuwa: "Muli tinthu!"

Ndikuwerama. Pakati pa miyala, tiana ta chambo mbwee, ngati mpunga wotayika! Ntchembere ija pogwidwa dzulo inalavula ana ake onse.

"Nanga amayi awo ali kuti?" Ndatsokomola. Ndati anapita ndi alendo a ku Lungwena. A Nyirenda andiyang'ana kumaso, kenako pamimba.

Ndikufotokoza mmene mayi wa chambo amasungira ana m'kamwa, iye osadya. Ana akudzaza madzi m'masaya kuti ayesere, wina wamlavulira mnzake m'khutu. Palibe wogona! Tikutapa tiana tija ndi zikho, ulendo wa ndawala kunyanja, kukatisiya pakati pa miyala kuti tikule. Mayunifolomu onse anyowa. Aphunzitsi awo adandaula pang'ono, kenako nawonso apempha chikho.

Potsiriza, ena mwa anawo, ana a asodzi, andandana pamzere, manja kumbuyo, akuyang'ana kumwamba. Agwirako! Ndawalozera nyanja. Ndati mudzatenge zikakula, ndipo musadzatenge yotupa pakhosi.

Lamulungu

Msana. Kutchalitchi ndapemphera chokhala. Potuluka, ana awiri andikuwira patali: "Agogo a mgolo!" Si dzina limene ndinkafuna, koma lilibe fumbi.

Mgolo womwewo mayi autenga, akuti ngwabwino kusungiramo madzi. Sindinatsutse, anagwirako.

A Nyirenda akuti kukubweranso sukulu ina, ndikonze china choona ndi maso. Iwo akuganiza za nkhanga. Ndakana mwaulemu, nkhanga ndi ndiwo. Ndidzawaonetsa miyala ya m'phiri. Mlamu akafuna agwireko, atenge ngakhale iwiri.