Tsiku limene ndinasanduka bango la kumanda

Anzanga inu, amene mwakhala mukundifunsa kuti bwanji anthu a ku Samanga akamayeza thabwa amati "Wayisoni mmodzi ndi chikhato," khalani pansi ndikuuzeni ndekha, chifukwa mukakamvera kwa mlamu wanga Makisi akakuthirirani tsabola. Wayisoni ameneyo ndine.

Ine matenda anga ndi kutokosa foni. Tikaweruka ku fakitale ya tiyi anzanga amapita kumpira, ine ndimakhala pakhonde kusinthasintha zam'katimo, ndipo palibe batani lomwe sindinalidinepo. Ndiye tsiku lina ndinapeza kavidiyo kofotokoza kumene miyeso inachokera. Abale, kukoma kwake! Akuti kalelo anthu ankayeza ndi thupi lawo lomwe: inchi ndi chala chachikulu, mkono kuyambira pachigongono kukafika kunsonga kwa chala, futi ndiye phazi la munthu. Ndinakumbuka mayi anga akuyeza nsalu ndi mkono pamsika, ndinati eya, ndiye kuti ife nzeru tinali nazo kalekale. Kavidiyoko sindinakamalize, bandulo inandithera pakati, koma ndinaona ngati zofunika ndazimva.

Mufonimo ndinalinso ndi apu yoyezera zinthu, ija umaloza kamera kuchokera apa kukafika apo iyo n'kukuuza kutalika. Inali ndi malo ena opempha kuti uionetse chinthu chomwe ukuchidziwa kale kutalika kwake, kuti izilondola bwino. Ndinayang'ana uku ndi uku. Kodi futi si phazi? Ndinatenga jombo langa la kuntchito, kuliimika pasimenti, kulijambula, n'kulemba kuti futi imodzi. Tsono inu mapazi anga mumawadziwa, aja majombo ake kuntchito amachita kuitanitsa apadera. Koma zimenezo sizinandibwerere m'mutu, ndinangodziona ngati katswiri.

Pasanapite nthawi apongozi anga aamuna anatisiya. Anali munthu wabwino, wamtali ngati ine ndendende, moti suti yomwe ndinavala paukwati wanga inali yawo, sitinachite kupinda paliponse. Mkazi wanga, amake Tadiwa, ndiye anali mwana wawo wapamtima. M'mawa wa tsiku loika maliro anandigwira dzanja, maso ali psuu, n'kunena kuti, "Bambo a Tadiwa, chonde, bambo akagone bwino. Pasachitike chochititsa manyazi." Ndinalonjeza ndi mtima wonse.

Kwathu kuno manda sakumba mongoyerekeza. Bokosi likakhomedwa, kalipentala amadula bango lotalika kuposa bokosilo, kusiyira malo a zingwe ndi manja, ndiye mkamwini amalinyamula kupita nalo kwa adzukulu, aja okumba manda. Iwo amangoligoneka pansi n'kulemba malire. Mwambo umenewu makolo athu anabwera nawo pobwera kudzathyola tiyi, ndipo mkamwini wonyamula bango tsiku limenelo ndinali ine.

Ndinafika kwa kalipentala kukuwaza kamvula. Anandipatsa bango lija. Manda ake ali pamwamba pa phiri, kuseri kwa minda ya tiyi, ndipo ine ndinali ndisanatute mabenchi a kutchalitchi, nkhuni nazo zikundidikira. Ndinayang'ana bango, ndinayang'ana foni. M'masiku ano munthu n'kumakwera phiri bango lili paphewa ngati akukathyola mapapaya? Ndinatulutsa foni, kuloza kamera kumutu kwa bokosi, kutsetsereka nayo mpaka kumapazi. Mafuti sikisi ndi inchi imodzi. Mwamva bwino, ndinayeza bokosi, osati bango.

Ndinamuimbira Makisi, amene anali kale kumanda ndi tepi yake ya zomangamanga.

"Mulamu, bango lili kupi? Adzukulu akudikira."

"Bango lili mufoni. Tambasula tepi, mafuti sikisi ndi inchi imodzi."

"Ndiwo muyeso wa bango umenewo?"

Netiweki ya m'chigwa muno mumaidziwa, mawu amabwera odukaduka. Ndinangoti "Eya, eya," n'kudula. Bango ndinaliyedzamitsa pakhoma la kalipentala, ulendo wokatuta mabenchi, ndikudzitama mumtima kuti ndapulumutsa nthawi.

Chakumasana, mapemphero a pakhomo atayamba, tinalowa m'nyumba amuna angapo kukanyamula bokosi, nsapato titavula pakhonde. Potuluka ndinaona majombo anga ali pakati pa nsapato za anzanga ngati thirakitala pakati pa njinga. Ngati futi ndi phazi, phazi lake la yani? Jombo langa likalowa kasikisi m'bokosi, tepi ya Makisi ilowa kasikisinso? Ndinayang'ana bokosi lija litagona pamabenchi, kutalika kwake kochititsa mantha, kenako ndinakumbukira bango lili pakhoma la kalipentala.

Ndinazembera kuseri kwa nyumba kuti ndimuimbire Makisi. Netiweki zii. Ndinakwera pachulu, kukweza foni m'mwamba ngati ndikupereka nsembe, azimayi ophika akundiyang'ana. Apu ija kudya batire kwake, foni inangophethira kamodzi n'kuzima. Kutsogolo kwa nyumba kwaya inayamba nyimbo yonyamukira. Kwa kalipentala n'kutali, mbali ina. Mukanakhala inu mukanatani? Ine ndinathawa pamaliro a apongozi anga anthu akuona.

Ndinadulira m'mizere ya tiyi. Matope ofiira aja, kuterera kwake! Ndinagwa chagada, kudzuka, kugwanso chafufumimba, malaya oyera a maliro kusanduka ngati njerwa. Ndinafika kumanda mpweya ukuchita kutsamwa, n'kupeza dzenje latha, losalala bwino, makoma ake owongoka, adzukulu atakhala pamulu wa dothi akudya nthochi. Kungoliyang'ana dzenjelo ndinadziwa kuti apongozi sakwanamo.

Mkulu wa adzukulu ndi a Chikopa, bambo wamfupi wa pakamwa polasa, amene patsiku la maliro amaloledwa kunyoza aliyense. Atandiona anandiitana monga amaitanira mkamwini kuno, anati, "Mukuwasha, wathamangitsidwa ndi chiyani? Malemu adzuka?"

"Ayi bambo, kungoti... muyeso uja mwina unachepa pang'ono."

"Pang'ono bwanji?"

"Sindikudziwa."

"Bango lili kupi?"

"Kwa kalipentala."

"Nanga muyeso unautenga kupi?"

Ndinawafotokozera zonse, za chala chachikulu, za chigongono, za jombo. Palibe anaseka. Makisi anagwira mutu n'kunena kuti, "Mulamu, mwatiuraya," kutanthauza kuti mwatipha. Ndipo apo ndi pamene tinaimva nyimbo, ikukwera kuchokera kumunsi kwa phiri. Anyamuka kale ndi maliro.

A Chikopa anaponya khoko la nthochi pansi. "Makisi, thamanga ukawachedwetse, ukawauze abusa awonjezere ndime." Kenako anatembenukira kwa ine, kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumajombo. "Iwe suja unavala suti ya malemu paukwati?"

"Eya bambo."

"Wati kale ankayeza ndi thupi la munthu?"

"Eya bambo."

"Gona."

Ndinayesa ngati sindinamve. Anabwerezanso, fosholo ili m'manja. Ndinagona chagada m'matope, m'mphepete mwenimweni mwa manda, mutu kulinganiza ndi kumutu kwa dzenje. Majombo anapitirira dzenjelo. Anthu inu, anapitirira! Ndiye kuti bokosi likanakhala pamwamba ngati mlatho, mkazi wanga akuona, apongozi aakazi akuona, mpingo wonse ukuona.

A Chikopa anawonjezera zikhato kumutu ndi kumapazi, kulemba mzere ndi ndodo, adzukulu n'kudumphira m'dzenje. Piki, khasu, fosholo, zonse kulira nthawi imodzi. Ndinafuna kudzuka kuti ndithandize, iwo anati, "Usagwedezeke! Bango siliyenda." Dothi linkandigwera kumaso, ndiye ndinatsinzina, manja n'kuwapinda pachifuwa kuti asawapondeponde. Nyimbo ija inkangoyandikira. Ndinayamba kumva mawu a munthu mmodzimmodzi, ndinamva ngakhale besi ya mkulu wa mpingo. Makisi kuwachedwetsa kunamukanika, mvula inali itayamba kulimba, ndani akanavomera kuimirira panjira? Sindinapempherepo ngati tsiku limenelo, ndipo pemphero lake linali limodzi lokha, lakuti m'dothimo musapezeke mwala.

Nyimbo inadukira pakati. Kenako mayi wina anakuwa, "Maiwe! Mukuwasha wafa!"

Tangoganizani zimene anaona. Mkamwini amene anathawa pamapemphero, wagona pambali pa manda, thupi lonse dothi, maso otsinzina, manja pachifuwa, adzukulu ali kalikiliki kukulitsa dzenje. Azimayi anayamba kulira kwatsopano. Ndinamva mawu a amake Tadiwa akuitana dzina langa, mawu omwe sindifuna kudzawamvanso. Ndinadzutsa mutu kuti aone kuti ndili moyo, a Chikopa n'kundibweza pansi ndi mpini wa fosholo.

"Musaope anamalira," anatero mokweza. "Ili ndi bango lathu. Lenileni lija linalowa mufoni."

Manyazi akanakhala kuti amapha, dzenje lachiwiri likanakumbidwa tsiku lomwelo. Ndinagonabe pamenepo, mpingo wonse utandizungulira, mpaka adzukulu anatuluka n'kunena kuti basi. Ndinadzuka n'kukaima kumbuyo kwa aliyense, koma nkhani inali isanathe. Bokosi linali lisanalowe.

Anakoleka zingwe. Anayamba kulitsitsa. Kumutu kunalowa bwino, kumapazi kunakhula khoma, dothi n'kugumukira m'kati, bokosi n'kuima. Aliyense anasuzumira m'dzenje, mvula ikumenya pamaambulera. A Chikopa anati, "Kwezani pang'ono uko, tsitsani uku." Linagwedezeka, linakhulanso, kenako linatsetsereka mpaka pansi, bwinobwino. Abusa anapumira m'mwamba, kwaya n'kuyambiranso nyimbo pomwe inadukira paja.

Pobwerera palibe anandilankhula. Ndinkayenda ndekha m'mbuyo, dothi likuuma kumaso. Titayandikira kunyumba amake Tadiwa anachepetsa liwiro mpaka tinalingana. Ndinakonzeka kulandira chilichonse. Iwo anangoti, "Bambo agona bwino."

Ndinati, "Pepani amake Tadiwa."

"Koma inu tsiku lanu likadzafika sitidzavutika n'kudula bango. Muyeso wanu mudzi wonse wauona."

Kuseka koyamba kwa mkazi wanga sabata yonse imeneyo kunali komweko, misozi ili m'masaya.

Nditagula bandulo ina ndinakamaliza kavidiyo kaja. Pomwe kanadukira paja, mawu otsatira ake anali akuti anthu anasiya kuyeza ndi phazi chifukwa mapazi amasiyana. Ndinazimitsa foni n'kuiika m'thumba.

Lero ku Samanga chitseko ndi Wayisoni mmodzi ndi chikhato, denga la khola ndi Mawayisoni awiri, ndipo a Chikopa tikakumana panjira amandifunsa ngati ndatalikako, kuti adziwiretu. Apu ija ndinaichotsa. Foni ndimatokosabe, zimenezo sindinganame, koma pamaliro imakhala m'thumba. Mukadzandipatsa bango ndidzalinyamula paphewa, kaya ndi kuchokera kuno mpaka ku Chipinge wapansi, chifukwa kulinyamula n'kopepuka kusiyana n'kukhala bangolo iweyo.