Malo a Bokosi pa Galimoto ya a Kaitano

Amuna anga, malemu a Kaitano, sankatha kuona malo opanda kanthu pa galimoto yawo n'kuwasiya choncho. Aliyense wa m'dera lathu lino la Unit K akudziwa zimenezi. Akaona kampata kokwana dzanja, ankaima n'kumakayang'ana ngati kawatukwana, ndipo pofika Loweruka pamalopo pankakhala pali kakabati kachitsulo kokhala ndi loko wake.

Ntchito yawo inali yokonza mipope, mapampu a zitsime ndi zimbudzi zotsekeka. Galimotoyo inali pikiapu yakale yoyera. Ankanena okha kuti matenda awowa anayamba tsiku lina atapita ku Unit G kukakonza mpope, n'kupeza kuti aiwala kamphira kamodzi kochepa ngati batani. Anabwerera kunyumba kudzakatenga, koma atafikanso kuja anapeza mwini nyumba waitana munthu wina. Kuyambira tsikulo analumbira kuti chida chilichonse chimene ali nacho chiziyenda nawo.

Anayamba ndi makabati awiri m'mbali. Kenako anamangirira paipi yaikulu padenga, yotseka uku ndi uku, yosungiramo ndodo zotokosera zimbudzi. Kenako chitseko cha filiji yakufa, chifukwa m'timaenje ta mazira mumakwana bwino manati. Tsiku lina ndikuchokera kumsika ndinapeza masupuni anga ali m'beseni, kabati ya kukhitchini ili yasa, madilowa onse atatu palibe. Sindinafunse. Ndinangotuluka panja n'kuwaona pagalimoto, atapakidwa kale penti wobiriwira. A Kaitano anandiuza kuti masupuni sayenda ulendo, ndiye safunika dilowa.

Apolisi a pamsewu wa Seke anafika posiya kuwaimitsa. Wina watsopano atawafunsa chozimitsira moto, iwo anayamba kutsekula makabati onse, akufotokoza chida chilichonse ndi ntchito yake. Pamene panali chozimitsiracho ankapadziwa bwino, koma ankati mlendo akafika umamuonetsa nyumba yonse. Wapolisiyo anawachonderera kuti azipita.

Vuto linali limodzi. Ife amene makolo athu anachokera ku Malawi tili ndi bungwe lathu la maliro, ndipo galimoto ya a Kaitano ndiyo inkanyamula bokosi kupita kumanda. Anadzipereka okha, ndipo ntchito imeneyi ankainyadira kuposa ya mipope. Koma makabati aja ankadya malo mwezi ndi mwezi. Wapampando wa bungwelo, Mayi Esnath, anafika kwathu Lamulungu lina masana. Anavula chitenje chapamwamba, anachipinda m'litali, n'kuchiyala pakati pa galimoto.

“Apa m'pa akufa,” anatero. “Kwinako chitani zanu.”

“Nanga akabwera wowonda, mayi?” anafunsa a Kaitano.

“Wowondayo adzagona momasuka.”

Kuyambira pamenepo Mayi Esnath ankabwera mwezi uliwonse kudzayala chitenje chija. A Kaitano nawo ankamanga mpaka m'mphepete mwenimweni mwa nsalu, osasiya ngakhale ulusi. Ulendo wina anadandaula kuti mayiwo agula chitenje chachikulu dala. Mayi Esnath anayankha kuti chitenje n'chomwecho, koma maso a a Kaitano ndiwo ali ndi njala.

Patapita nthawi, amuna anga anazindikira kuti chitenje chimayeza pansi pokha, za m'mwamba sichinena kanthu. Anaitana mnzawo wowotcherera zitsulo, a Bernard, ndipo anapingasa shelefu yaitali pamwamba, kuchokera kabati ya kumanja kukafika ya kumanzere. Malo a bokosi anasanduka mphanga. Mayi Esnath ataona anauza a Bernard kuti alowemo agone, aone ngati munthu angakwane. A Bernard anakana, anati iwo amawotcherera zitsulo, sayesera anzawo manda. Ndiye anakabwereka bokosi lopanda munthu kwa kalipentala wa bungwe. Linalowa bwinobwino, pamwamba n'kutsala mpata wa chala chimodzi. A Kaitano anauyang'ana mpatawo nthawi yaitali.

“Musayerekeze,” anatero Mayi Esnath.

Zinayenda choncho zaka zambiri, chifukwa mabokosi a bungwe onse amakhomedwa ndi munthu mmodzi, pa muyeso umodzi. Palibe anaganizapo za bokosi la mtundu wina.

A Kaitano anatisiya chaka chatha m'nyengo yozizira, atadwala chifuwa masabata awiri okha. Mwana wathu Ruvimbo, amene ndi namwino ku Joni, anati bambo ake sangapite m'bokosi la matabwa wamba. Anagula lalikulu, la chivundikiro chotukuka, la zogwirira zonyezimira m'mbali. Tsiku loika maliro amuna asanu ndi mmodzi analinyamula n'kulilowetsa m'mphanga muja. Linalowa pang'ono, zogwirira zinakodwa pa kabati, chivundikiro chinagunda shelefu. Analitembenuza, koma zinali chimodzimodzi. Wina anati alipendeketse, Mayi Esnath anamuyang'ana, ndipo sanabwerezenso.

Ruvimbo anayamba kuimba foni, akulira, akunena m'Chishona kuti aitana galimoto ya kampani ya maliro. Mayi Esnath anamugwira dzanja.

“Mwanangu,” anatero m'Chishona, kenako anabwerera ku Chichewa. “Bambo ako aperekeza anthu onse aja pa galimoto iyi. Iwo apite pa ya eni ake? Chotsani shelefuyo ndi kabati imodzi.”

Kunena kunali kosavuta. A Kaitano anamanga zonsezo ndi manati obisika m'timakona topanikizika, ndipo ankawamasula ndi sipanala imodzi yokha imene anaipinda okha pamoto. Masipanala a anthu ena sankafikamo. Magetsi anali atathima, choncho a Bernard sakanatha kudula ndi makina. Pofunafuna sipanala ija, amuna anayamba kutsekula madilowa, n'kumayala zinthu pamsewu. Nyimbo zinayamba kuchepa mphamvu, anthu akusuzumira. Bambo wina anazindikira mpope umene anataya zaka khumi zapitazo, utapukutidwa, utakulungidwa m'pepala lolembedwa dzina lake. Ena ankaseka ataphimba kukamwa ndi nsalu. Dzuwa linali likupendeka, ndipo kumanda anthu ankadikira.

Ine ndinali m'nyumba, pamphasa, pakati pa amayi, monga mmene namfedwa amakhalira. Sindine munthu wolankhula pagulu, ndipo tsiku limenelo sindinkayenera kutero. Koma nditamva chimene ankafunafuna, ndinatuma mayi wina kuti akaitane Mayi Esnath. Ndinawanong'oneza kuti akweze mpando wakutsogolo, wa kumanzere, apeza sipanalayo m'sokosi yakale yabuluu.

Anapita, ndipo posachedwa ndinamva zitsulo zikulira panja. Atabwerako anagwada pafupi nane n'kufunsa kuti ndinadziwa bwanji.

“Ndakhala ndikuikhalira zaka zonsezi,” ndinatero. “Inkandibaya popita kutchalitchi.”

Shelefu inatsika, kabati inatsika, bokosi linalowa. A Bernard ndiwo anayendetsa, pang'onopang'ono, ndipo a Kaitano anapita pa galimoto yawo.

Galimotoyo ndinaisiya m'manja mwa bungwe. Pa maliro otsatira, a gogo wina wa ku Unit G, zinapezeka kuti bokosi likutsetsereka uku ndi uku m'maenje a msewu, mpaka amuna awiri anachita kukhala kumbuyo n'kumaligwira. Kale makabati aja ndiwo ankaligwira, ndipo palibe anali atazindikira. Mawa lake Mayi Esnath anabwera kwathu. Anamwa tiyi, anafunsa za miyendo yanga, anakamba za mvula, ndipo pomaliza, akuyang'ana kumbali, anapempha kuti kabati ndi shelefu zibwezeretsedwe.

A Bernard anazimanga Loweruka lotsatira. Kenako tinayamba kubwezera zida. Tinagwira tsiku lonse, ine ndikunena pamene ndinkaona chilichonse chikulowa, iwo akuika. Madilowa onse anadzaza, makabati anatsekeka movutikira, koma zinthu zinatsalabe.

Masiku ano mpope ukayamba kudontha mumsewu mwathu, munthu amakwera kombi, minibasi za kuno, kukafuna kamphira kumashopu a ku Makoni, mwina n'kubwerako ndi kosakwana. Ena amayamba agogoda kwathu, ndipo ndimawalozera pakhonde kuti afufuze okha. Pali ndowa ziwiri zodzaza. Kwa a Kaitano zonsezo zinkakwana pa galimoto, koma ife tinalephera kupeza pamene ankaziika.