Chingwe chimene chinandipepula pamaso pa gulu

Anzanga, ine si munthu wopusitsidwa wamba. Folomu 4 ndinamaliza, ndipo m'gulu lathu la alimi a kachewere ku Biriwiri mlembi ndine, laputopu ya gulu amaigwira ndine ndekha. Ndiye titalandira sikelo yamagetsi yoti izitumiza makilo mu laputopu, vuto linali limodzi: kumbuyo kwa sikelo kuli kamwa yachikale ya timano naini, laputopu ili ndi mabowo a USB okhaokha. Pankafunika chingwe cholumikiza ziwirizi. Alangizi anandichenjeza kuti laputopu yathu imayendera pulogalamu yotchedwa Linux, ndiye ndisankhe chingwe chimene Linux imagwirizana nacho bwino. Ndinangoti, "Musandiphunzitse, bambo, zimenezi ndimazidziwa."

Ndinakwera minibasi mpaka pa boma. Bambo wa m'shopu ananditulutsira ziwiri. China chotuwa, chopanda ndi pepala lomwe, china chonyezimira chili m'bokosi lake.

"Tengani chotuwachi, mayi," anatero. "Kachipi kake, kaubongo ka m'katimu, ndi kenikeni. Chonyezimiracho n'chokopera, nthawi zina chimameza manambala."

Eti! Wamalonda uti amanyoza katundu wake? Ndinadziwiratu kuti akufuna kunditayira chakale, chabwinocho asungire abale ake. Atanena kuti nditulutse laputopu tiyesere pompo, m'pamene ndinakumbatira chikwama. Andisinthire batire ndikuphethira? Ndinatenga chonyezimira, ndikutuluka ngati ndapambana mlandu.

Loweruka gulu lonse linasonkhana kudzaona zamakono. Ndinavala chitenje chatsopano, magalasi pamphuno, chingwe ndalumikiza, manambala n'kuoneka pa laputopu. Ndinayang'ana anthu mmodzimmodzi kuti aone kuti sukulu si masewera.

Thumba loyamba linali la a Nangozo, mayi wa mvano, sanakanganepo ndi munthu. Amuna awiri analinyamula akubuula n'kuliika pasikelo. Laputopu: makilo sikisi.

Sikisi? Thumba lofika m'chiunomu?

Munthu wanzeru akanakayikira chingwe. Ine ndinakayikira a Nangozo.

"Amayi, mwaikamo chiyani umu? Udzu?"

"Udzu wanji, a mlembi? Simunaone anthu akubuula?"

"Kubuula ngakhale ine nditha kubuula. Mwagwirizana! Khuthulani!"

Anakhuthula. Kachewere yekhayekha, wamkuluwamkulu, kugubuduzika bwalo lonse mpaka mbuzi zinabwera kudzathandiza. A Nangozo anangogwira m'chiuno n'kundiyang'ana. Apa ndikanapepesa zikanatha. Koma ayi, ine mwana wa Folomu 4 ndinati makina sanama, ndionetsa umboni. Ndinavula nsapato, ndikukwera pasikelo ndekha, ndikuuza apampando athu kuti awerenge mokweza zimene zalembedwa pa laputopu.

Apampando anasuzumira, kupukuta m'maso, kusuzumiranso.

"Akuti makilo naini."

Bwalo lonse linagwa nako kuseka. Ine, amene kondakitala wa minibasi amandiyang'ana kawiri asanandipatse mpando, makilo naini! Wina kumbuyo anafuula kuti anditengere kusikelo ya ana kuchipatala cha Kasinje akandipatse phala. Ndiye a Nangozo anazungulira mwakachetechete, n'kutembenuza kagalasi koonetsa makilo ka pasikelo penipenipo, kamene kanayang'ana kukhoma.

"Apa pakuti nainte-foro," anatero mwaulemu, koma mawu ofika mpaka kumsewu. "Chingwe chanu chameza foro, a mlembi. Inuyo muli onse."

Ha! Chinsinsi chimene ngakhale bambo a kunyumba sachidziwa, chinalengezedwa ngati uthenga wa maliro.

Ndinatsika, ndikugwada ndi chitenje changa chatsopanocho, kutolera kachewere wa a Nangozo mmodzimmodzi, ndikupepesa. Iwo ankangogwira thumba n'kumati, "Wina uyo wagubudukira uko."

Mpaka lero ndikamadutsa pamsika ndimamva wina akufunsa chapansipansi, "Lero ali naini kapena nainte-foro?" Ndinalumbira, anzanga: chingwe chilichonse ndizikayamba kuchiyesera kunyumba, chitseko chotseka, ndipo pasikelo pazikwera thumba, osati mlembi.